Kompyuta ikauma pakati pa gemu, musathamangire kugula khadi lina

Nkhani yokambidwa kwa achinyamata okonza mafoni ndi makompyuta a ku Golomoti, Mtakataka ndi Mua

Ndakondwa kuona atsikana atakhala pa mabenchi akutsogolo. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto anathetsa maukwati a ana ambirimbiri m'dera lino n'kubwezera anawo m'kalasi, ndipo luso limene tikambirane lero ndi la aliyense wodziwa kuwerenga, kulemba ndi kudekha.

Nkhani yake imakhala chonchi. Mnyamata wasunga ndalama za mpunga wa ku Bwanje kapena za kabaza. Wagula motherboard ndi purosesa ku Lilongwe, khadi la zithunzi (graphics card) wamutumizira mlamu wake wa ku Johannesburg, bokosi ndi power supply wazula pa kompyuta yakale ya mu ofesi. Walumikiza zonse ndi manja ake, yayaka. Windows yalowa bwinobwino, nyimbo zikulira, mafilimu akuoneka. Koma akatsegula FIFA kapena GTA V, pakangopita kanthawi chithunzi chimauma, phokoso limangobwereza pamodzimodzi, mwina sikirini imada bii. Ena mwa inu muli ndi malo oseweretsa magemu pa msika, ndiye mukudziwa kuti ikajama pakati pa mpira, kasitomala amaitanitsa ndalama yake ndipo mawa sabweranso.

Zikatero anthu amathamangira mankhwala awiri. Ena amafufuta zonse n'kulowetsanso Windows. Ena amaweruza kuti khadi lafa, n'kuyamba kusaka ndalama za lina. Mankhwala onsewa ndi ongoganizira, ndipo achiwiriwo ndi odula kwambiri. Kuchipatala sakupatsa LA asanakubaye chala kuti aone ngati alidi malungo. Kompyuta nayonso iyezedwe kaye. Ndipo chimene ndabwerera kuno n'chakuti kwathu kuno kuchigwa, kuyezako kuyambire pa mpweya wa m'chipinda ndi pa soketi ya pakhoma. Malangizo ambiri amene mumaonera pa YouTube amayambira pa driver, chifukwa eni akewo amakhala m'nyumba zozizira ndipo magetsi awo sagwedezeka. Ifeyo tikatsatira ndondomeko yawo timatha bandulo n'kutha sabata tisanafike pamene pali vuto.

Musanatsegule bokosi, yang'anani kaye mmene yaumira, pakuti kuuma kulikonse kumaloza kwake. Dinani batani la Caps Lock. Kagetsi kake kakayaka n'kuzima, ndiye kuti purosesa ikugwirabe ntchito, chaima ndi chithunzi chokha. Pamenepo dinani pamodzi mabatani anayi: la Windows, Ctrl, Shift ndi B. Mumva kulira kamodzi, sikirini iphethira, ndipo nthawi zambiri chithunzi chimabwerera, chifukwa mwauza Windows kuti idzutsenso driver ya khadi. Windows yokha imachitanso zimenezi. Khadi likatha masekondi 2 osayankha, imaliyambitsanso, gemu n'kutsekeka, pakona n'kutuluka uthenga wakuti driver inasiya kuyankha koma yabwerera. Ikalephera kulidzutsa ndi pamene mumaona sikirini ya buluu yolembedwa VIDEO_TDR_FAILURE. Koma kagetsi ka Caps Lock kakapanda kuyankha, yauma ndi kompyuta yonse, ndipo maganizo anu apite ku RAM, ku purosesa kapena ku magetsi. Ikangozima phi n'kudziyatsanso yokha popanda uthenga uliwonse, kawirikawiri amenewo ndi magetsi kapena kutentha.

Windows imasunga mbiri ya zonsezi. Lembani mawu akuti reliability pa malo osakira, mutsegule Reliability Monitor, muona timitanda tofiira pa tsiku lililonse limene china chinagwa. Mu Event Viewer, nambala 4101 ikutanthauza kuti driver ya khadi inasiya kuyankha. Nambala 41 ya Kernel-Power imaopsa anthu ambiri, chikhalirecho ikungonena kuti kompyuta inazima mosatsanzika. Siikuuzani chimene chinaizimitsa.

Chida chimene ndimachidalira kuposa mapulogalamu onsewa ndi kope ndi cholembera. Nthawi iliyonse ikauma, lembani ola, dzina la gemu, mphindi zimene munasewera, mmene kunja kunaliri, komanso ngati babu linazilala kapena chigayo chapafupi chinali chitangoliza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha masiku angapo kopelo limayamba kuyankhula lokha. Youma masana dzuwa lili paliwombo koma m'mamawa ayi, kumeneko n'kutentha. Youma madzulo pamene mudzi wonse wayatsa magetsi, yang'anani pakhoma. Youma pa malo amodzimodzi a gemu imodzimodzi, vuto lili mu gemuyo kapena mu driver. Youma nthawi ina iliyonse, ngakhale mukungolemba kalata, kayikirani RAM kapena disiki.

Tiyeni tikhalitse pa kutentha. Nyanja yathuyi ili pa mamita pafupifupi 470 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere, pamene tauni ya Dedza ili pafupi ndi mamita 1,600. Mpweya umazizira ndi madigiri 6 kapena kuposerapo pang'ono pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Nonse mwakwerapo msewu wa Khwekhwelere, mukudziwa kuti ukanyamuka pa Golomoti ukutuluka thukuta umakafika ku Masasa ukufunafuna juzi. Kompyuta imene imayenda bwino kwa mbale wanu wa ku Dedza ikhoza kuvuta pano popanda chilichonse kusintha mkati mwake. Fani sipanga kuzizira. Imangotenga mpweya wa m'chipinda n'kuupemerera pa zitsulo zotentha. Mpweyawo ukakwera ndi madigiri 10, khadi nalonso limakwera ndi madigiri pafupifupi 10. Amene amayesa makhadi ku Ulaya ndi ku America amayesera m'zipinda za madigiri 21 mpaka 25. Shopu ya malata yopanda siling'i, mu Okutobala kapena Novembala, imatha kupitirira madigiri 35. Khadi limene iwo analiona pa 72, kwa inu lifika pa 85.

Lowetsani pulogalamu yaulere ya HWiNFO kapena GPU-Z, muisiye yotsegula pamene mukusewera, kenako muone nambala yapamwamba imene yalemba. Makhadi ambiri a NVIDIA, monga GTX 1060, amayamba kudzichepetsa liwiro akafika pa madigiri 83, ndipo apa ndi pamene gemu imayamba kudukizadukiza. Mapurosesa ambiri a Intel amachita chimodzimodzi akayandikira 100. Ngati mulibe bandulo yotsitsira mapulogalamuwa, pali kuyeza kwina kosafuna ndalama. Chotsani chitseko cha m'mbali cha bokosi, mulozetse fani ya patebulo mkatimo, musewere gemu yomwe ija. Ikapanda kuuma, kapena ikachedwa kuuma kuposa kale, mwalipeza vuto.

Tsono kutenthako kumachokera pati? Koyamba ndi fumbi. Kuyambira mwezi wa Ogasiti mpaka mvula itagwa, fumbi la m'misewu yathu limalowa paliponse, ndipo kompyuta yoikidwa pansi imalimeza tsiku lonse. Limaumbika pakati pa timalata ta heatsink mpaka mpweya kusowa podutsa, fani n'kumazungulira pachabe. Zimitsani, zulani pulagi, tulutsani bokosi panja, mupemerere ndi bulowa. Pampu ya njinga nayonso imagwira ntchito, pamodzi ndi kabulashi kofewa kopentera. Popemerera gwirani fani ndi chala kuti isazungulire mopitirira muyeso, ingawonongeke. Muyang'anenso alendo: mphemvu zimakonda kufunda kwa power supply, nyerere zimamanga pansi pa motherboard, ndipo nalimata mmodzi akagona pa malo olakwika amatha kuwotcha bodi yonse. Mukamaliza, kompyutayo ikhale patebulo, italikirane ndi khoma, ndipo kansalu kokongoletsa kaja kamene timakonda kufunditsa pa wailesi ndi pa TV kasayandikire pamene ikugwira ntchito.

Kachiwiri ndi thermal paste, phala lotuwa lija limene limakhala pakati pa chip ndi heatsink. Pa khadi la zaka zisanu kapena kuposerapo limakhala litauma n'kung'aluka. Masulani masikuluwu, pukutani lakalelo ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, mudikire paume, muike kadontho katsopano kofanana ndi njere ya nandolo. Ndamvapo ena akuika mankhwala otsukira mano. Chonde musatero. Amauma m'masiku ochepa, ndipo ali ndi madzi. Timapadi tofewa timene tili pa tizidutswa ta memory musatitaye, tibwezereni pomwe munatipeza.

Kachitatu ndi kukakamiza khadi kugwira ntchito imene maso anu sadzaiona. Sikirini zambiri zimene tili nazo zimaonetsa zithunzi 60 pa sekondi. Khadi mukalilekerera limapanga 120 kapena kuposa, n'kumatentha pachabe. Lowani m'makonzedwe a gemu muike malire a 60. Mu pulogalamu ya MSI Afterburner mungathenso kutsitsa Power Limit kufika pa 80 peresenti. Liwiro limatsika pang'ono chabe, koma kutentha kumatsika ndithu. Kwa ine, aliyense wokhala kuchigwa kuno ayenera kuchita zimenezi kuyambira Seputembala mpaka Disembala, kaya kompyuta ikuvuta kaya ayi.

Tsopano magetsi, ndipo apa ndipempha kuti mutchere khutu, chifukwa makhadi ambiri amene anthu amawanamizira kuti afa amakhala akungosowa chakudya chokwanira.

Pano pa Golomoti tili ndi munda wa mapanelo a sola wa mamegawati 20, wokhala ndi mabatire a mamegawati 5, umene makampani a JCM Power ndi InfraCo Africa anamanga ndipo unayamba kugwira ntchito mu 2022. Ndi chinthu chonyaditsa. Koma magetsi ake amalowa m'mawaya a dziko lonse, sabwera molunjika pa shopu yanu. Amene amafika pa soketi yanu amadalira thiransifoma ya m'dera lanu, kutalika kwa waya, ndiponso amene mukugawana nawo. Muyeso wa dziko lino ndi mavolts 230. Ngati pa mzere wanu pali chigayo, makina opunthira mpunga kapena owotcherera mageti, injini zawo zikamadzuka zimakoka mphamvu yambiri kwa kanthawi kochepa, ndipo mavolts amagwa. Babu limangozilala n'kubwerera. Kompyuta imene ikulemba kalata imapirira. Koma imene ili pakati pa gemu, khadi likukoka mphamvu zake zonse, imazima. N'chifukwa chake ndinati mulembe za chigayo m'kope muja. Tengani multimeter muyeze pa soketi m'mawa ndi madzulo, mufanizire. Yang'ananinso ekisitenshoni. Zotsika mtengo zija zili ndi waya woonda ndi mabowo olobodoka, ndipo mukaigwira n'kupeza yafunda, ichotseni. Bokosi la kompyuta likamakugwirani shoko pang'ono mukalikhudza, nyumbayo ilibe waya wa earth, muitane wodziwa zamagetsi.

Namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yopitirira chaka, ndipo anthu ambiri anagula mabatire, mapanelo ndi ma inverter. Ena a inu mumaseweretsa magemu pa zimenezi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Batire la 100 Ah la mavolts 12 limasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma batire la asidi siliyenera kutsika kupitirira theka, ndiye zanu ndi 600. Kompyuta ya gemu pamodzi ndi sikirini ikamadya mawati 300, muli ndi maola awiri osakwana. Komanso mawati 300 pa mavolts 12 ndi ma amps opitirira 25. Waya wochoka pa batire kupita pa inverter ukakhala woonda kapena wautali, mavolts amagwera m'njira, inverter n'kulira, n'kudula, pa nthawi yomwe gemu yafika povuta. Dziwaninso kuti ma inverter otsika mtengo, olembedwa modified sine wave, sagwirizana ndi ma power supply ambiri amakono. Amawaliritsa, amawatenthetsa, ena amazima. Yofunika ndi yolembedwa pure sine wave. UPS ndi yabwino, koma kabatire kake sikakonda kutentha: kutentha kukakwera ndi madigiri pafupifupi 10 pamwamba pa 25, moyo wake umadulidwa pakati. UPS imene yatha zaka ziwiri mu shopu ya malata muiyese, musangoikhulupirira. Ndipo nyengo ya mvula, kukayamba kung'anima, zulani pulagi pakhoma. Kuzimitsa swichi kokha sikukwanira.

Talowani tsopano m'bokosi muone power supply. Makompyuta a mu ofesi amene amabwera ogwiritsidwa kale ntchito, monga Dell OptiPlex ndi a HP, ambiri ali ndi power supply ya mawati 240 kapena kuchepera. Anapangidwira kulemba ndi kuwerengera. Khadi laling'ono ngati GTX 1050 Ti limadya mawati 75, amene limatenga pa mpata wake wa pa motherboard, ndiye likhoza kukhalamo. GTX 1060 imadya 120, ndipo NVIDIA imalangiza power supply ya 400. RX 580 imadya 185, ndipo AMD imalangiza ya 500. Musamawerenge nambala yaikulu yolembedwa pa katoni. Pa chikwangwani cha m'mbali pezani mzere wa +12V, muone ma amps ake, muchulukitse ndi 12. Pakalembedwa 18 A, ndiye kuti muli ndi mawati 216 okha odyetsa khadi ndi purosesa, ngakhale pamwamba atalemba 500. Power supply yabwino imalemera m'manja. Yopepuka kwambiri muikayikire.

Mungathe kuiyeza ikugwira ntchito. Ikani multimeter pa waya wachikasu ndi wakuda wa pulagi imodzi yosagwiritsidwa ntchito, mutsegule gemu. Nambala iyenera kukhala pakati pa 11.4 ndi 12.6. Ikamatsika kupitirira apo gemu ikayamba, mwampeza mwini mlandu. Pulagi ya khadi ya timabowo 6 imanyamula mawati 75, ya timabowo 8 imanyamula 150. Power supply ikakhala kuti ilibe mapulagi amenewa, anthu amagula kachingwe kosinthira kuchoka pa pulagi ya SATA. Pulagi ya SATA inapangidwira mawati 54 okha. Kachingwe kameneka kamasungunuka, ndipo m'nyumba ya udzu kapena mu shopu yodzaza makatoni, mapeto ake ndi moto. Zinthu zina ziwiri: ma power supply akale ali ndi kaswichi kofiira kumbuyo kosankhira 115 kapena 230, ndipo kakakhala pa 115 kuno kwathu imaphulika pomwe mwayatsa. Chinanso, power supply musaitsegule mkati. Imasunga magetsi oopsa ngakhale itazulidwa pakhoma.

Mpweya ndi magetsi zikakhala kuti zili bwino, zotsatirazi n'zachangu. Kompyuta imene yayenda pa kabaza kapena m'minibasi pa M5 imafika khadi litasuntha pang'ono pa mpata wake. Chinyezi cha kunyanja nachonso chimadetsa timano tagolide ta RAM. Zulani pulagi, gwirani chitsulo cha bokosi kaye, chotsani khadi ndi RAM, pukutani timanoto ndi chofufutira pensulo choyera, mubwezere mpaka mumve kuti thwa. Ngati muli ndi RAM ziwiri, yesani imodziimodzi. Mu BIOS zimitsani XMP kuti RAM iyende pa liwiro lake lachibadwa. Pulogalamu ya MemTest86 imaikidwa pa fulashi, muisiye iyende usiku wonse pamene magetsi akhazikika. Ikapeza cholakwa ngakhale chimodzi, RAM imeneyo siyodalirika. Disiki yakale imene ikufa imaumitsa gemu kwa masekondi angapo kenako n'kupitiriza, ndipo CrystalDiskInfo ikaonetsa chikasu, samutsani zinthu zanu lero lomwe. Chingwe cha sikirini chilowe pa khadi, osati pa motherboard. Chithunzi chikamathwanima kapena kusintha mtundu, yesani chingwe china musanaganize zambiri, makamaka ngati pali kosinthira HDMI kupita ku VGA.

Pali zina zimene si matenda. Chithunzi chikamaoneka chodulidwa pakati mukamatembenuka mwachangu, yatsani V-Sync. Gemu ikamadukiza pa khadi la 2 GB, tsitsani textures, chifukwa memory ya khadi yadzaza.

Apa ndiye tafika pa driver paja anzathu a pa YouTube amayambira. Ngati kope lanu likuonetsa kuti vuto linayamba Windows itangodzikonza yokha, kapena mutasintha khadi kuchoka ku AMD kupita ku NVIDIA, driver ndiyo yoyamba kuikayikira. Tsitsani driver yoyenera khadi lanu pa tsamba la kampani yake, tsitsaninso kapulogalamu kotchedwa Display Driver Uninstaller, dulani intaneti kuti Windows isalowetse yake, lowani mu Safe Mode, fufutani yakale yonse, kenako muike yatsopanoyo. Driver imodzi ya NVIDIA imaposa theka la gigabaiti, ndiye mmodzi akatsitsa agawire anzake pa fulashi. Yatsopano kwambiri si nthawi zonse imene ili yabwino pa khadi lakale. Mukapeza imene ikuyenda bwino, isungeni ndipo mulembe nambala yake m'kope.

Ndiyenera kunenapo za magemu amene timakoperana. Ndikudziwa chifukwa chake timatero, ndalama zogulira gemu pa Steam si aliyense ali nazo. Koma dziwani chimene mukulowetsa. Mu 2021 kampani ya Avast inaulula kachilombo kotchedwa Crackonosh, kamene kanabisidwa m'makope akuba a GTA V, Pro Evolution Soccer 2018, Euro Truck Simulator 2 ndi magemu ena. Kanalowa m'makompyuta opitirira 220,000. Kamazimitsa antivirus, kenako kamagwiritsa ntchito purosesa ya mwini kompyuta kukumba ndalama ya pa intaneti ya Monero, phindu n'kumapita kwa wakubayo. Fani zikamalira mwamphamvu inu musakuchita kanthu, tsegulani Task Manager muone chimene chikudya purosesa. Apa pokha ndi pamene ndimavomereza kufufuta zonse n'kulowetsanso Windows. Komanso kope lokopedwa kuchoka pa fulashi kupita pa fulashi limatha kufika lili ndi mafayilo oduka, ndiye gemu imodzi yokha ikamavuta, ena onse ali bwino, khadi lilibe mlandu.

Khadi lenilenilo limafa, inde. Chizindikiro chake ndi timabokosi tamitundumitundu, madontho obiriwira kapena mizere yoima pa sikirini. Zimenezi zikaoneka Windows isanalowe, pa chithunzi choyamba chija cha kampani ya motherboard, driver ilibe nazo kanthu, yadwala ndi memory ya khadi kapena chip yake. Umboni womaliza ndi kusinthana. Tengani khadi lanu mukaliike mu kompyuta ya mnzanu yoyenda bwino, lake muliike mwanu. Vuto likasamuka pamodzi ndi khadi, mlandu watha. Likatsala m'nyumba mwanu, bwererani ku power supply. Kuchokera ku Mua kukafika ku Golomoti si patali, ndipo muli okwanira muno kuti wina asagule chida chongoyesera. Dziwanani, mudziwe amene ali ndi power supply yabwino, amene ali ndi multimeter, amene ali ndi khadi lobwereketsa. Pa kuyesa konseku sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukapukuta fumbi, n'kusintha driver, n'kusintha RAM tsiku limodzi, ikachira simudziwa chimene chaichiza, ndipo kasitomala wotsatira mudzamuyambira pachiyambi.

Makhadi amene amafika kuno ambiri ndi akale, ndipo muyenera kudziwa kumene akuchokera. Kwa zaka zingapo anthu kunja ankagula makhadi ambirimbiri kuti azikumbira ndalama ya pa intaneti ya Ethereum, akuyaka usana ndi usiku. Pa 15 Seputembala 2022 Ethereum inasintha kachitidwe kake, kuikumba ndi makhadi kunatha, ndipo makhadiwo anakhuthukira pa msika wa zinthu zakale, makamaka RX 570 ndi RX 580. Ena ali bwino ndithu. Ena fani zinatha, memory inatopa, ndipo ena eni ake anasintha BIOS ya khadi kuti lizikumba mwachangu, moti driver ya AMD imalikana, Device Manager n'kuonetsa Code 43. Lotero limachira mukalibwezera BIOS yake yoyambirira, koma ntchito imeneyi igwireni magetsi ali pa UPS, chifukwa akazima pakati khadi limatsala losayaka.

Palinso makhadi abodza. Achinyengo amatenga GTS 450 ya mu 2010, n'kuilemba mkati kuti ndi GTX 1050 Ti ya 4 GB. Windows imakhulupirira. Gemu ikangopitirira memory yeniyeni imene ilipo, imene kawirikawiri ndi 1 GB, imagwa. GTX 1050 Ti yeniyeni ili ndi shaders 768, yabodzayo GPU-Z imaonetsa 192, ndipo nthawi zambiri imalembanso FAKE kutsogolo kwa dzina. Ndi maso okha mungathe kuizindikira: ikakhala ndi pulagi ya buluu ya VGA, ikayikireni, chifukwa makhadi a NVIDIA a m'badwo umenewo anasiya kutulutsa chithunzi cha VGA.

Mudzaona pa intaneti anthu akuwotcha khadi lodwala ndi heat gun kapena mu uvuni kuti lidzuke. Limadzukadi nthawi zina, kwa masabata ochepa, kenako n'kuferatu. Ena amachita zimenezi kuti aligulitse msanga. Inuyo musamuchite zotere munthu amene mudzakumane naye pa maliro ndi pa msika. Khadi limene langoyamba kuonetsa madontho mkati mwa gemu mokha, mungalitalikitsire moyo potsitsa liwiro la memory yake mu MSI Afterburner pang'onopang'ono mpaka madonthowo atasiya, ndipo mwini wake mumuuze zoona kuti ayambe kusunga ndalama.

Pogula khadi lakale, kaya ku Lilongwe kaya kwa munthu wochokera ku South Africa, nyamulani fulashi yokhala ndi GPU-Z ndi FurMark. Pemphani wogulitsa aliike mu kompyuta inu mukuona. Muone ngati dzina, memory ndi shaders zikugwirizana ndi zimene kampani inalemba. Muyendetse FurMark kwa mphindi 15 kapena 20, maso ali pa kutentha ndi pa sikirini, khutu lili pa fani. Pa nambala ya kutentha imene muone kumeneko muwonjezerepo madigiri a kuno kwathu. Yang'anani masikuluwu ngati anamasulidwapo, ndi kuseri kwa bodi ngati kuli malo ofiirira opsa. Wogulitsa akakana kuti muliyese, bwezani ndalama m'thumba.

Amene mwabweretsa makompyuta anu, aikeni patebulo lakutsogololi, muzule mapulagi. Tiyamba ndi kuwerenga zikwangwani za power supply, aliyense achulukitse yekha ma amps ake ndi 12, atiuze nambala imene wapeza ndi dzina la khadi limene akulidyetsa.